Foni yopanda chingwe ikukana kulowa moto? Yesani izi musanaitaye

Mwaikhazika pamalo pake usiku wonse, koma m'mawa mwangoyankhula mphindi ziwiri yazima. Mafoni opanda chingwe a m'nyumba ndi muofesi, monga a Panasonic, Gigaset ndi Motorola, amachita zimenezi akakhalitsa. Zimandipweteka kuona foni yabwinobwino itaponyedwa m'katoni, pamene nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono.

Choyamba, onani ngati magetsi akufika. Kankhani pulagi bwinobwino, yesani soketi ina, ndipo onetsetsani kuti kachingwe ka adaputa kalowa mpaka kumapeto kuseri kwa chokhazikirapo foni. Magetsi akazima n'kubwerera mwamphamvu, adaputa imatha kupsa osaonetsa chizindikiro chilichonse. Pogula ina, werengani mphamvu ya magetsi (nambala yothera ndi V) yolembedwa pa yakaleyo ndipo mugule yofanana nayo. Ngati foni munalandira kuchokera ku America, samalani: magetsi a kumeneko ndi a 120V pamene athu kuno ndi a 230V, ndiye adaputa yolembedwa 120V yokha imapsa mukangoilumikiza.

Kenako tembenuzani foniyo. Pansi pake pali tizitsulo tiwiri tonyezimira, ndipo pachokhazikirapo pali tinzake tiwiri. Moto umadutsa pamenepo. Fumbi la m'chilimwe, thukuta la m'manja ndi mafuta a kukhitchini zimamatirira, tizitsulo tija n'kuda. Zulani pulagi kaye, pukutani ndi kansalu kouma. Likakanirira litsiro, tikitani pang'onopang'ono ndi labala ya pensulo kapena kathonje konyowetsa ndi sipiriti, n'kudikira kuti paume. Osakanda ndi mpeni, osathira madzi. Mukaikhazikanso, yang'anani ngati kanyali kayaka kapena chizindikiro cha batire chayamba kuyenda.

Zikakanikabe, tsegulani kumbuyo. Ambiri mwa mafoniwa amagwiritsa ntchito mabatire awiri ochajidwa a AAA, amtundu wa NiMH, a 1.2V lililonse. Ena ali ndi mabatire omangidwa pamodzi okhala ndi kachingwe, a 2.4V kapena 3.6V. Achotseni, onani ngati afufuma kapena atuluka zoyera ngati mchere, ndipo onetsetsani kuti + ndi - zaloza koyenera. Mabatire amenewa amatopa pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Atopa atopa, sinthani onse awiri nthawi imodzi.

Apa ndiye ndikupempheni: musaikemo mabatire wamba a pagolosale, aja a mu rimoti ndi tochi. Kukula n'kofanana, foni iyakadi, koma mukaikhazika pochajira amatha kutentha n'kutayikira, ndipo madzi akewo amadya zitsulo zam'kati. Pogula mabatire, pakatoni pake pazilembedwa kuti NiMH.

Mabatire atsopano asiyeni alowe moto mokwanira musanayambe kuimba. Mafoni ambiri a Panasonic amafuna maola pafupifupi 7, ena mpaka 16. Kabuku ka foni yanu kamanena.

Ngati muli ndi mafoni awiri amtundu umodzi, asinthanitseni. Khazikani yovutayo pamalo pa inzake. Ikalowa moto, vuto ndi chokhazikirapo kapena adaputa yake. Ikakanabe ngakhale mwaikamo mabatire atsopano, vuto lili m'kati mwa foni, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amisiri. Popita kumeneko tengani zonse: foni, chokhazikirapo ndi adaputa.