Mlekeni mwana aloze yekha buku lomwe akufuna

Makolo anzanga ndi inu alezi a m'sukulu za mkombaphala, kuchokera ku Santhe mpaka ku Nkhamenya m'boma lino la Kasungu, ambirife nkhani ya mabuku timaisiyira aphunzitsi a Sitandade 1. Timadikira mwana akwanitse zaka 6, timusokere yunifolomu, ndiye akagwire buku koyamba kusukulu. Apo timakhala tachedwa, paja mmera mpoyamba. Mwana wa zaka 3 amakhala akudziwa kale zomwe amakonda, ndipo mukamuyalira mabuku anayi pamkeka satola mwachisawawa. Lina amangolivundukula n'kulisiya pomwepo, lina amalikumbatira mpaka kukana kubwereka mnzake. Ife akuluakulu tikadziwa chomwe chamukoka, sititayanso ndalama pa mabuku okongola m'maso mwathu mokha, amene mwana alibe nawo ntchito.

Chokoka chachikulu chili m'funso limene ana a msinkhu umenewu safuna kulisiya: "Chifukwa chiyani?" Amayi ali kalikiliki kupeta mphale, mwana ali pambali: "Nanga bwanji nkhuku siuluka ngati khwangwala? Nanga ng'ombe ikutafuna chiyani poti yagona m'khola?" Mu 2020 akatswiri ena a ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa nkhani yomweyi. Anatenga ana 48 a zaka 3 ndi 4 a mumzinda wa Austin ku Texas n'kuwawerengera mabuku awiriawiri okamba za nyama. Buku lina linkangonena mmene nyama imaonekera ndi zomwe imachita, linzake linkafotokoza chifukwa chake nyamayo ili choncho. Powerenga, anawo ankamvetsera onse awiri ndi chidwi chofanana. Koma akafunsidwa kuti lawasangalatsa kwambiri ndi liti, kawirikawiri ankaloza lofotokoza chifukwa lija.

Agogo athu ankazidziwa zimenezi ngakhale analibe pepala. Nthano zambiri zomwe tinkamvera pamoto zinkathera pa chifukwa: n'chifukwa chake chigoba cha fulu chili ndi ming'alu, n'chifukwa chake fisi amayenda usiku. Ndiye mukagwira buku la mwana wa zaka 3 mpaka 5, musalekere pachikuto. Tsegulani pakati, muwerenge masamba awiri, muone ngati chochitika china chikubala chinzake. Buku longoti "Iyi ndi njovu, njovu ndi yaikulu" ndi labwino kwa wa chaka chimodzi kapena ziwiri amene akuphunzira maina a zinthu. Wa zaka 4 limamutopetsa msanga. Iye akufuna kumva kuti njovu imakupiza makutu pofuna kuziziritsa thupi kukatentha, ndiponso kuti simwera m'chitamba ayi, imangokoka madzi ndi chitambacho n'kuwathira m'kamwa. Kuno kwathu nkhani ya njovu si ya m'buku mokha. Chibwerere njovu 263 zochokera ku Liwonde mu 2022, ana a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu amamva akuluakulu akukamba za njovu zolowa m'minda, ena amagona ndi mantha. Buku lofotokoza khalidwe la nyamayi mwana wotero amalimvetsera kukamwa kuli yasa, ndipo limakupatsani mpata womuphunzitsa kuti njovu sayiyandikira.

Nanga ngati buku lomwe muli nalo silifotokoza chifukwa? Onjezerani nokha, kapena mumfunse mwanayo. Lozani chithunzi mufunse kuti, "Kamtsikanaka kakulira chifukwa chiyani?" Kenako khalani chete. Apa ndi pomwe ambirife timalephera kudikira, timayankha tokha mwana asanatsegule pakamwa. Mpatseni nthawi. Akayankha kuti "Amukwapula amayi ake" pomwe bukulo likunena kuti wataya mbuzi, musamudzudzule. Nenani kuti, "Mwinadi, tiye tione kutsogoloku." Iye afuna kudziwa ngati analondola, ndipo tsamba lotsatiralo alitsegula yekha.

Chinthu china chomwe chimadabwitsa makolo ndi kubwereza. Mwangomaliza kumene, mwana akuti, "Yambiraninso." Mawa lomwelo, mkuja lomwelo. Ena amafika polibisa buku loterolo poganiza kuti mwana sakupita patsogolo. Chonde musatero. Ku yunivesite ya Sussex ku England, kafukufuku amene anatuluka mu 2011 anapeza kuti ana a zaka 3 omwe ankamva nkhani imodzimodzi mobwereza anasunga bwino mawu atsopano kuposa anzawo omwe ankamva mawu omwewo m'nkhani zosiyanasiyana. Ulendo woyamba mwana amatsata nkhani, wachiwiri amayamba kutola mawu, kenako amakutsogolerani. Mukamva akunena mzere inu musanauwerenge, dziwani kuti pamenepo ndi pomwe pali kukoma kwake: akudziwa chomwe chikubwera, ndipo chikabweradi amaseka. N'chifukwa chake mabuku okhala ndi mawu obwerezabwereza, kapena kanyimbo kovomera, amalimbiranidwa. Mwana wathu anazolowera kuti wina akati "Padangotelo" iye avomere "Tili tonse", wina akati "Ndagi" iye ati "Gize". Safuna kungokhala duu, amafuna mbali yake. Inu alezi, buku limodzi likhoza kukhala sabata yathunthu. Lolemba muwerenge, Lachiwiri ana avomere mawu obwereza aja, Lachitatu asewere nkhaniyo panja wina akhale kalulu wina fisi, ndipo pofika Lachisanu mudzaona wina atanyamula bukulo mozondotsa akuwerengera anzake kuchokera m'mutu. Ameneyo musamuseke, wayamba.

Ana amakondanso kudzipeza m'buku. Chithunzi cha ngolo ya ng'ombe, mjigo, chigafa cha fodya, mayi atabereka mwana, bambo ali pa kabaza, chimachititsa mwana kufuula kuti, "Awa ndi amalume!" Chinenero nachonso chikhale cha pakhomo. Kumene ana amayankhula Chitumbuka, monga madera ena a kumpoto kwa boma lino, mlezi afotokoze m'Chitumbuka ngakhale bukulo litalembedwa m'Chichewa. Mu 2016 boma linayambitsa ndondomeko yophunzitsira ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga, yotchedwa National Reading Programme, ndipo mwana amene wafika atazolowera kumva nkhani ya Chichewa ikuchokera patsamba savutika kumvetsa chomwe aphunzitsi akuchita ndi bukulo. Mabuku a Chingerezi amene timalandira kwa akufuna kwabwino musataye. Onani zithunzi, mufotokoze m'chinenero chanu. Zachilendo nazo zili ndi malo ake: mwana wa ku Chamama amene sanaonepo nyanja amayang'anitsitsa bwato ndi sitima nthawi yaitali. Chofunika n'chakuti zachilendozo zisakhale zokhazokha.

Za zithunzi ndinenepo pang'ono, chifukwa mwana asanadziwe chilembo amasankhira chithunzi. Wakhanda amakopeka ndi nkhope za anthu ndi mitundu yowala, chinthu chimodzi chachikulu patsamba. Tsamba lodzaza tinthu tambirimbiri limamubalalitsa. Okulirapo amakonda kufufuza kambewa kobisala pakona komwe inu simunakaone. Ndipo mphamvu ya chithunzi sithera ku ubwana. William Kamkwamba wa kwa Wimbe, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002 ali ndi zaka 14, anakopeka ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto cha buku la mu kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale ya kwawo. Chingerezi chinkamuvuta, koma anatsata zojambula mpaka anapanga makina ake opangira magetsi. Choncho inu amayi kapena agogo amene simunapite patali ndi sukulu, musanene kuti za mabuku si zanu. Zithunzi mumaziona, kusimba nkhani mumatha kuposa achinyamata ambiri. Mukhazikeni mdzukulu pamwendo, muyambe.

Tsopano kachitidwe kake. Yalani mabuku atatu kapena anayi pamkeka, zikuto zikuyang'ana kumwamba, osati kuwaunjika. Akachuluka mwana amasokonezeka. Muuzeni kuti, "Tenga lomwe ukufuna tiwerenge," ndipo chomwe watenga chikhale chomwecho, ngakhale ndi lija munawerenga dzulo, ngakhale inu mukuliona ngati lachibwana. Osanena kuti la mathirakitala ndi la anyamata kapena la kuphika ndi la atsikana. Pasukulu ya mkombaphala ana azisinthana tsiku losankha, kuti wamanyazi uja amene amakhala kumbuyo nayenso limufike tsiku lake. Mlezi akhale ndi kope lolembamo buku lomwe lasankhidwa tsiku lililonse. Pakatha mwezi mudzadziwa mtundu wa mabuku oyenera kupempha kapena kupanga.

Chomwe chimandipweteka mtima poyendera malo ena ndi kupeza mabuku ali atsopano, otsekeredwa m'bokosi, kiyi ali kwa wapampando wa komiti amene wapita kumunda. Ndikudziwa kuti alezi amaopa kunenedwa mabuku akang'ambika. Koma buku lokhomeredwa lili ngati mbewu yomwe yakhala m'thumba mpaka dzinja latha: yasungika bwino, koma simukolola kanthu. A komiti ndi mafumu mugwirizane poyera kuti buku lakuda ndi manja a ana si mlandu. Lomwe lang'ambika kwambiri ndi lomwe ana alikonda, limateni ndi kansalu kumsana kwake libwerere pamkeka. Anawo aphunzitseni kusamba m'manja akamaliza phala ndi kutsegula tsamba pogwira pakona.

Kumene kulibe mabuku, pangani anu. Pemphani makatoni oyera kugolosale, mudule zidutswa zinayi zofanana, muboole m'mbali ndi msomali, musoke ndi ulusi wolimba. Jambulani ndi makala kapena makrayoni, mawu akhale ochepa ndi a zilembo zikuluzikulu, mzere umodzi patsamba. Nkhani muitenge pa mafunso omwe ana anu amafunsa. Mwachitsanzo, chifukwa chiyani mtedza umabereka pansi pomwe maluwa ake ali pamwamba? Tsamba loyamba mtedza wamera, lachiwiri wachita maluwa achikasu, lachitatu duwa lafota ndipo kamsonga katuluka n'kuloza pansi, lachinayi kamsongako kalowa m'dothi n'kufufuma kukhala mtedza. Ikanimo dzina la mwana wanu kuti ndiye akukumba. Mukatha kuwerenga pitani naye kumunda akaone timisonga timeneti ndi maso ake. Samalani chinthu chimodzi: ana aang'ono amaluma buku, choncho musagwiritse ntchito makatoni kapena matumba omwe munali mankhwala a mbewu, feteleza kapena fodya. Posunga, chiswe ndi kudontha kwa denga ndiwo adani. Ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro imathandiza, kapena sokani matumba pachitenje chakale muchipachike pakhoma, pamsinkhu woti mwana afikire yekha.

Nthawi yowerenga isatalike. Mphindi 10 zikwana, ndipo kwa wa zaka 2 ngakhale 5. Akadzuka n'kuthamangira nkhuku, mlekeni, abweranso. Werengani atadya, chifukwa wanjala samva nthano. Abambo, nyengo yothyola ndi kusoka fodya ndikudziwa kuti mumaweruka mutatheratu, komabe kamphindi ka madzulo pakhonde, ndi tochi kapena nyale ya sola, kamakwanira. Nthawi zambiri mwana amakonda buku chifukwa cha amene amamuwerengera, mawu a fisi onenepa aja ndi a kalulu opyapyala aja amene bambo ake okha amawatha. Musasandutse nthawiyi mayeso omufunsa zilembo, ndipo musamuopseze ndi buku akalakwa.

Mukaona kuti mwana nthawi zonse amayandikitsa buku pamphuno, amatsinzina poyang'ana chithunzi, kapena satembenuka mukamuitana ali pafupi, musafulumire kunena kuti sakonda mabuku. Mwina vuto lili m'maso kapena m'makutu. Auzeni alangizi a zaumoyo tsiku la sikelo, kapena mupite naye kuchipatala akamuone asanayambe Sitandade 1.