Makina otchetchera kapinga okwerapo atakana kulira

Ndimasamalira kapinga panyumba ina ku Borrowdale mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe, ndipo pali makina aja okwerapo ngati kathirakitala. Anangokhala m'galaja kuyambira Meyi. Mvula itagwa mu Novembala ndinati ndiwalize, koma injini inkangozungulira osagwira moto.

Ndinatchaja batire mpaka 12.6 volts, ndinagulanso pulagi yatsopano. Sizinaphule kanthu.

Anandithandiza ndi achimwene ena akwathu ku Dedza amene amakonza majenereta ku Mbare, mu Harare momwemu. Atamva nkhaniyi pafoni anangoti, "Achimwene, tanunkhizani petuloyo." Ankanunkha ngati vanishi. Petulo wa kuno amamusakaniza ndi ethanol, ndiye akakhalitsa amakoka chinyezi n'kusiya zomata m'kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya.

Ndinayamba ndakhuthula petulo yense m'thanki. Kenako ndinamasula kambale ka pansi pa kabuleta ndi sipanala, ndipo munali zonanda zobiriwira ngati ndere. Koma vuto lenileni linali pa kajeti, kachitsulo kamkuwa ka pakati pa kabuleta kokhala ndi kabowo kodutsira petulo. Nditakayang'anitsa kudzuwa, kabowo kake sikankaonetsa kuwala ngakhale pang'ono. Ndinathothola waya mmodzi pa bulashi yawaya n'kumapisa pang'onopang'ono, ndikupopera mankhwala otsukira kabuleta mpaka kuwala kunaoneka. Musayerekeze kugwiritsa ntchito msomali, mungakulitse bowolo makina n'kumamwa petulo ngati chidakwa.

Ndinabwezeretsa zonse, kusintha fyuluta ya petulo n'kuthira watsopano. Ndinaponda buleki, kutembenuza kiyi kawiri, basi analira.

Mankhwala ndi fyuluta zinandidyera $12. Pulagi ija ndinangotayirapo ndalama, yakale inalibe vuto.