Momwe mwana angayendere kuchoka Fomu 1 mpaka ku yunivesite

Makolo ambiri kuno ku Salima amayamba kufunsa za yunivesite zotsatira za Fomu 4 zitatuluka kale, pomwe nkhani yeniyeni imakhala itagamulidwa zaka ziwiri m'mbuyomo, mwana akulowa Fomu 3. N'chifukwa chake ndikufuna kulongosola njira yonse, kuti inu makolo ndi ophunzira mudziwe pofunika kutchera khutu.

Mwana akakhoza mayeso a Sitandade 8 akhoza kusankhidwira ku sekondale ya boma yogonera konko kapena ku CDSS yoyendera. Pakutha pa Fomu 2 amalemba mayeso a JCE, omwe boma lidawathetsa kwa zaka zingapo n'kuwabwezeretsa mu 2021. Satifiketi ya JCE siifunsidwa polowa ku yunivesite, koma zotsatira zake muziwerenge mosamala chifukwa zimaonetsa kumene mwana ali ndi mphamvu.

Mu Fomu 3 ndi momwe mwana amasankha maphunziro amene adzalembe pa MSCE, mayeso a kumapeto kwa Fomu 4. Apa musamusiye yekha. Ana ambiri amathawa Physics ndi Chemistry pongomva anzawo akunena kuti ndi zovuta, osadziwa kuti akudzitsekera khomo la udokotala ndi unamwino ku yunivesite ya KUHeS, kapena uinjiniya ku mayunivesite a MUBAS ndi MUST. Mwana wa ku Senga Bay kapena ku Chipoka amene wakulira pakati pa asodzi, ndipo akulakalaka kudzaphunzira za ulimi wa nsomba ku yunivesite ya LUANAR, ayenera kugwiritsitsa Biology ndi Masamu kuyambira tsiku loyamba. Ngati sukulu yake ilibe labotale kapena mphunzitsi wa sayansi, monga zilili m'ma CDSS ena akumudzi, pitani mukakambirane ndi aphunzitsi aakulu chaka chisanapite patali, kuti muone ngati mwanayo angamakaphunzireko ku sukulu yoyandikana nayo.

Mayeso a MSCE amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, ndipo phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo, kotero ochepa ndiwo abwino ndipo palibe angatsike kuposa 6.

Koma mapointi paokha amanamiza. Tiyerekeze ana awiri onse ali ndi mapointi 17. Woyamba wapeza 5 pa Chingerezi, 3 pa Masamu, 2 pa Biology, 4 pa Chemistry, 2 pa Agriculture ndi 1 pa Chichewa. Wachiwiri wapeza 1, 2, 2, 2 ndi 3 pa maphunziro asanu, koma 7 pa Chingerezi. Woyambayo akhoza kupikisana nawo pa malo a ku yunivesite, pomwe wachiwiri, ngakhale satifiketi ali nayo m'manja, sangaganiziridwe n'komwe, chifukwa mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Zimandipweteka kuona mwana wanzeru chotero akukhala pakhomo chifukwa cha phunziro limodzi. Mwana wotere alembetsenso mayeso chaka chotsatira ndi kulimbikira pa Chingerezicho.

Zotsatira zikakhala bwino, dikirani chilengezo cha bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite asanu ndi imodzi a boma: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST. Podzaza fomu, werengani zofunika pa kosi iliyonse, ndipo musaike makosi olimbiranidwa kwambiri okhaokha. Pakhale ena ogwirizana ndi magiredi amene mwana alidi nawo. Akasankhidwa, afunsire msanga ngongole ya fizi ku bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede.

Amene sadasankhidwe ayang'ane ku makoleji a uphunzitsi, kapena ku Salima Technical College ku Senga Bay komweku. Ngati mwaganiza za yunivesite yomwe si ya boma, musanapereke ndalama ina iliyonse tsimikizani kaye kuti sukuluyo pamodzi ndi kosiyo n'zovomerezeka ndi NCHE.