Mmene mungayambitsire maphunziro a za kugonana ndi uchembere kwa akuluakulu m'dera lanu

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu akakula, kulowa m'banja ndi kubereka ana, ndiye kuti za kugonana wazidziwa zonse. Komatu maphunziro ambiri a nkhaniyi amalunjika kwa achinyamata, pomwe wamasiye amene akufuna kulowanso m'banja, mayi amene wasiya kusamba ndi bambo amene mphamvu zake zayamba kuchepa amasiyidwa kuti adzionere okha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limayerekeza kuti tsiku lililonse anthu oposa 1 miliyoni a zaka za pakati pa 15 ndi 49 amatenga matenda opatsirana pogonana amene ndi ochizika, monga chindoko ndi chinzonono, ndipo ambiri a iwo saona chizindikiro chilichonse. Ngati mwatsimikiza mtima kuthandiza akuluakulu anzanu pa nkhaniyi, dziwani kuti phunziro limene siliuza munthu koti apite, ndi nthawi imene ayenera kufikako, ndi losakwanira.

Pa chifukwa chimenechi, yambirani kuchipatala musanaitane munthu aliyense. Kafunseni azaumoyo masiku ndi maola amene amayeza magazi, njira zolera zimene zilipo, ngati amapima khansa ya khomo la chiberekero, ngati pali cholipira, ndiponso kumene munthu angathamangire usiku kapena tsiku limene zipinda zina zatsekedwa. Funsaninso kumene wogwiriridwa angapeze phungu ndi thandizo la malamulo. Lembani zonsezi pa pepala limodzi loti aliyense atenge popita kwawo, ndipo pemphani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti azipezeka pa zokambirana zina, popeza pali mafunso amene wotsogolera wamba sayenera kuyankha mongoganizira.

Gulu likhale laling'ono ndithu, loti aliyense apeze mpata wolankhula. Poyamba ndi bwino kuti amayi akhale paokha, abambonso paokha, kenako muwaphatikize akazolowera, chifukwa mavuto ambiri a m'banja satha ngati wamva ndi mmodzi yekha. Pa tsiku loyamba gwirizanani kuti zolankhulidwa pamenepo zithere pomwepo, kuti palibe adzakakamizidwe kunena za moyo wake, ndiponso kuti palibe woseka funso la mnzake. Ikani kabokosi koponyamo mafunso olembedwa popanda dzina, ndipo amene satha kulemba apatsidwe mwayi wofunsa wotsogolera pambali. Pa nkhani ya mawu, lolani gulu lisankhe mayina a ziwalo amene lingawamve mosachita manyazi, koma musazungulire kwambiri mpaka womvera osazindikira chimene chikunenedwa.

Pophunzitsa, ine ndimaona kuti zoyenera kuyamba ndi zimene zili ndi malire a nthawi, chifukwa ndi zimene anthu amazimva mochedwa mwayi utadutsa kale. Munthu amene kondomu yam'phulikira, wagonana mosadziteteza kapena wagwiriridwa akhoza kulandira mankhwala otchedwa PEP, amene amachepetsa kwambiri chiopsezo chotenga HIV, koma ayenera kuyamba kumwa pasanathe maola 72, ndipo amamwa kwa masiku 28 mosadumphitsa. Mapiritsi olera apangozi amagwira ntchito akamwedwa pasanathe masiku 5 kuchokera pamene munthu wagonana mosadziteteza, ngakhale kuti mphamvu yake imakhala yaikulu akamwedwa msanga. Bwerezani manambala amenewa pa msonkhano uliwonse mpaka aliyense awaloweze pamtima, ndipo tsindikani kuti wogwiriridwa asadikire kuti achibale ayambe akambirana asanapite kuchipatala.

Mukafika pa HIV, fotokozani kuti kachilombo sikaoneka m'magazi munthu akangokatenga kumene, kotero amene wayezetsa patangopita masiku ochepa ayenera kukayezetsanso, nthawi zina mpaka patatha miyezi 3, malinga ndi chipangizo chimene chagwiritsidwa ntchito. Pali nkhani yabwino imene ambiri sanaimvebe, yakuti munthu amene amamwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso poyeza sangapatsire mnzake pogonana. Mfundo imeneyi imachotsa mantha aakulu m'mabanja amene wina ali ndi kachilombo pomwe mnzake alibe. Amene alibe kachilombo koma ali pachiopsezo akhoza kufunsa za PrEP, mankhwala amene munthu amalandiriratu kuti asatenge HIV, imene imapezeka ngati mapiritsi ndipo m'malo ena ngati jakisoni. Nenaninso momveka kuti PrEP komanso njira zolera monga jakisoni, mapiritsi ndi lupu siziteteza ku chindoko kapena chinzonono, ndipo wopezeka ndi matendawa alandire mankhwala pamodzi ndi wokondedwa wake kuti asapatsiranenso. Kavalidwe ka kondomu kaonetsedwe pa chidole, osati kungokafotokoza pakamwa, ndipo chenjezani kuti mafuta odzola amaifooketsa mpaka kung'ambika.

Khansa ya khomo la chiberekero imayamba pafupifupi nthawi zonse ndi kachilombo kofala pogonana kotchedwa HPV, ndipo imapeweka ikapezeka isanakhazikike. WHO imalangiza kuti amayi ayambe kupimitsa ali ndi zaka 30, koma amene ali ndi HIV ayambe ali ndi zaka 25, popeza chiopsezo chawo ndi chachikulu pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Musaiwale achikulire. Kuuma ndi kupweteka pogonana mayi akasiya kusamba kuli ndi thandizo, koma kutaya magazi msambo utasiya kale ndi chizindikiro choti apite kuchipatala mosazengereza. Kwa abambo, kuchepa kwa mphamvu nthawi zina ndi chenjezo loyamba la matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena mtima, choncho kugula mankhwala osadziwika m'malo mokapimitsa kumabisa vuto lenileni.

Nkhani yovuta kuposa zonse ndi ya kuvomereza, ndipo siyenera kudumphidwa poopa kukhumudwitsa ena. Kugonana kumafuna kuti onse awiri afune mwaufulu, ngakhale m'banja, ndipo munthu ali ndi ufulu wosintha maganizo nthawi ina iliyonse. Wina akakuululirani kuti akuchitiridwa nkhanza, mumvereni pambali mosamuweruza, musakafunse wochita nkhanzayo chifukwa mukhoza kuika moyo wa wodandaulayo pachiswe, ndipo muuzeni kumene kuli thandizo kuti asankhe yekha chochita. Nkhani ikakhudza mwana, chinsinsi chili ndi malire, ndipo iyenera kufika kwa oteteza ana monga mmene malamulo a dziko lanu akunenera.

Pakatha miyezi ingapo, bwererani kuchipatala kukatsimikiza ngati masiku, maola ndi mankhwala amene munalemba pa pepala lija akadali momwemo, ndipo mulikonze musanaligawenso.