Petulo wa mpikisano pa injini yosasinthidwa: onani izi musanagule

Nambala ya okiteni siyeza mphamvu ya petulo ayi. Imangosonyeza kuti petuloyo amapirira bwanji kupanikizidwa mu silinda asanaphulike yekha. Choncho yambani ndi kabuku ka njinga yamoto, quad bike kapena injini ya boti yanuyo, muone RON (nambala ya okiteni) imene opanga analemba. Ngati analemba 91, petulo wa 100 kapena 110 sangakuwonjezereni liwiro, ndi kungotaya ndalama.

Kenako mvetserani injini itatentha, mukukwera chitunda pa giya yaikulu. Mukamva kulira ngati timiyala tikugubuduka m'chitini, imeneyo ndiye knock, kuphulika kwa petulo yekha kuja. Apo okiteni wokwererapo angathandize, komabe yambani mwaona timing (nthawi imene pulagi imayatsa moto) ndi mwaye wounjikana pamwamba pa pisitoni.

Werenganinso zolembedwa pachigubu. Petulo wambiri wa mpikisano amakhala ndi mtovu, umene umapha oxygen sensor (kachipangizo koyeza mpweya wa oxygen mu utsi) ndi catalytic converter (chipangizo chochepetsa poizoni mu utsi). Petulo wina amamuwonjezera oxygen, ndiye kabuleta yosasinthidwa majeti (timabowo todutsa petulo) imapereka mafuta operewera, injini n'kumatentha mopitirira. Mukamasula pulagi mudzaipeza yoyera mbee kunsonga, m'malo mofiirira.

Pa injini ya two-stroke, imene mumasakaniza oyilo ndi petulo, musachepetse oyilo: pa muyezo wa 50:1, thirani mamililita 100 m'malita 5 a petulo.