Momwe mungaperekere mpata kwa agogo ndi mafumu pa sukulu ya mmera mpoyamba kuno ku Mzuzu

Pa sukulu zambiri za mkombaphala ku Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuba, ana amaimba bwino nyimbo zachingerezi koma sadziwa nthano ngakhale imodzi ya kwawo. Agogo alipo, mafumu alipo, koma timawaitana tsiku lotsekera sukulu lokha, kuti adzakhale pampando wa kutsogolo. Nazi njira zosinthira zimenezi popanda ndalama zambiri.

1. Yambirani kwa amfumu. Komiti ya makolo ndi alezi apite kwa amfumu kapena block leader wa deralo nkhani isanafike kwa ana. Musapite ndi ndondomeko yomalizidwa kale. Afunseni kuti ndi akuluakulu ati amene amadziwa nthano, nyimbo ndi magule, ndipo asankhe okha mmodzi kapena awiri olowa m'komiti. Munthu amene ali ndi mawu m'komiti sasiya ntchito pakatikati. Mlendo woitanidwa amabwera kamodzi basi.

2. Dziwani zilankhulo za m'nyumba za ana. Mzuzu ndi wosakanikirana: Atumbuka ndi ambiri, koma muli Atonga a ku Nkhata Bay, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde a ku Karonga, ndi ife Achewa obwera ndi ntchito. Polembetsa mwana, funsani chimene amalankhula ndi amayi ake. Apa m'pofunika kusamala. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi pamene Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko, ndipo chinabwerera pawailesi mu 1994. Akuluakulu ena sanaiwale. Mlezi wolankhula Chichewa asamasulire mawu alionse a agogo akamasimba m'Chitumbuka. Ana amatola msanga kuposa ife.

3. Patulani tsiku limodzi pa sabata. Likhale lomwelomwelo sabata iliyonse, ana akangomwa phala. Mphindi 20 zakwana, chifukwa mwana wa zaka 3 mpaka 5 sakhazikika nthawi yaitali. Ana akhale pamphasa mozungulira, agogo pakati, mlezi pambali. Nthano yabwino ndi ya nyimbo yovomerezana, monga za kalulu ndi fisi, zimene Atumbuka amati vidokoni. Nthano imodzi ibwerezedwe masabata angapo mpaka ana ayambe kuwatsogolera agogo. Zilapi ziwiri kapena zitatu zitsirize.

4. Magule asankhe ndi eni ake. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Malipenga ndi chilimika za Atonga, kapena kuponda kwa ingoma ya Angoni, ana angaphunzire mosavuta, malipenga n'kupanga ndi zikho zouma. Vimbuza ya Atumbuka ndi nkhani ina. Bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2008, inde, koma kwa eni ake ndi gule wa machiritso, osati wosangalatsira makolo pa tsiku lotsekera. Ine ndingati musaikhudze pokhapokha akuluakulu atanena okha gawo limene ana angaone. Makolo ena a mipingo amakayikanso za ng'oma, choncho afotokozereni pamsonkhano ana asanayambe.

5. Zoseweretsa zichokere pakhomo. Dongo loumbira ng'ombe, miyala ya phada yowerengera, zisononkho, nthanga za maungu. Agogo aamuna asemere ana timipini ndi nguli.

6. Tsatirani kalendala ya kuno. Mwezi wa Ogasiti Angoni amasonkhana pa phiri la Hora ku mwambo wa Umthetho pansi pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndipo Atumbuka pa nthawi yawo ali ndi mwambo wa Gonapamuhanya ku Bolero, kwa Chikulamayembe. Ana simungapite nawo, koma kholo limene lapitako lidzawafotokozere ndi kuwaonetsa zovala zake. Nyumba yosungira zinthu zakale ya Mzuzu ili m'tauni momwemuno. Ana akuluko angapiteko ndi makolo ochepa owaperekeza.

7. Athokozeni ndipo sungani zimene anena. Alezi ambiri ndi ongodzipereka, ndiye malipiro palibe, koma sopo, shuga kapena ndalama ya kabaza zimaonetsa ulemu. Komiti igwirizane zimenezi poyamba pomwe. Mukapempha chilolezo, jambulani mawu a agogo pafoni ndi kulemba nthanozo m'kope la sukulu, pamodzi ndi dzina la wosimba ndi mudzi wa kwawo, kuti mlezi watsopano adzapeze poyambira.