Madeya okha sangapange chigoba cha dzira

Oweta nkhuku zoikira ku Chibavi, Zolozolo, Mchengautuwa ndi Luwinga mumzinda wa Mzuzu madandaulo awo amafanana. Mazira akusweka m'chisa asanatoledwe, ena akutuluka ndi chikopa chokha opanda chigoba, nkhuku zayamba kujompha mazira ake omwe. Ambiri amathamangira kukagula mankhwala osungunula m'madzi poganiza kuti m'khola mwalowa matenda. Koma mukawafunsa kuti nkhukuzo zikudya chiyani, yankho limakhala madeya, makombo a nsima ndi masamba pang'ono. Vuto lagona pamenepo.

Chigoba cha dzira pafupifupi chonse ndi mchere wa kashiamu. Dzira limodzi limachotsa m'thupi mwa nkhuku magalamu 2 a kashiamu weniweni, ndipo popeza si wonse umene nkhuku yadya umalowa m'magazi, thadzi loikira tsiku ndi tsiku limafunika kudya pafupifupi magalamu 4 patsiku. Chimanga ndi madeya zili ndi kashiamu wochepa kwambiri, woti ngakhale nkhuku itadya mpaka chithokomiro kutupa, sungafike pamlingo umenewo. Nkhuku ya kumudzi imene imayenda thengo lonse imatola tinkhono, tizilombo ndi timiyala, komanso imaikira mazira ochepa kenaka n'kufungatira, choncho imapeza mpata wobwezeretsa mphamvu. Ya m'tauni ilibe mwayi umenewo. Timaitsekera chifukwa cha akuba, agalu ndi dimba la aneba, ndiye tikufuna iziikira sabata yonse. Za Mikolongwe ndi zachizungu zofiira zija ndiye zimavutika kwambiri chifukwa zimaikira mowirikiza.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti nkhuku sisiya msanga kuikira kashiamu akachepa. Imayamba kusungunula mafupa ake kuti ikutire dzira. Mwini wake amangoona mazira akubwera n'kumati zonse zili bwino, pamene mafupa a nkhuku akutha pang'onopang'ono. Tsiku lina amaipeza yakhala pansi, miyendo yakana, ikulephera kufika pomwera madzi. Ina imathyoka mwendo kapena phiko pongoigwira. Dzira loyamba lofewa likamaoneka, ndiye kuti nkhukuyo yakhala ikudya thupi lake kwa masiku ambiri.

Nthawi imene chigoba chimapangidwa ndi yofunika kuidziwa. Dzira limatenga maola pafupifupi 25 kuti lipangike, ndipo maola 20 mwa amenewa limakhala m'chiberekero likukutidwa chigoba. Ntchito yaikulu imachitika usiku, nkhuku ili gone, isakudya kanthu. N'chifukwa chake kashiamu wa ufa wosalala sathandiza mokwanira: amadutsa m'matumbo msanga, pofika pakati pa usiku watha. Wa tizidutswa tokulirapo, tofanana ndi njere ya mpunga kapena kuposerapo pang'ono, amatsalira mu nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono mpaka mbandakucha. Choncho posinja musafike popanga ufa, ndipo onetsetsani kuti madzulo, nkhuku zisanakwere pogona, m'mbale mwake muli kanthu.

Poyambira ndi zigoba za mazira amene mwadya pakhomo. Zitsukeni, ziumitseni padzuwa, zikazingeni pachiwaya mpaka ziume gwa koma zisapserere, kenaka muziphwanye mumtondo. Kukazinga kumapha majeremusi, ndipo kuphwanya kumachititsa kuti nkhuku isazindikire kuti ndi dzira. Amayi ena amangoponya zigoba zaziwisi pabwalo akamaliza kuphika. Chonde lekani, chifukwa mukuphunzitsa nkhuku kudya mazira, ndipo ikazolowera imaphunzitsanso zinzake.

Koma zigoba za pakhomo panu zokha sizingakwane. Nkhuku imodzi imafuna pafupifupi magalamu 10 a zigoba patsiku, kutanthauza zigoba za mazira awiri, pamene iyo imaikira limodzi, ndipo mazira ambiri mumagulitsa ndi zigoba zake zomwe. Gwirizanani ndi okazinga mazira ndi tchipisi kumsika, a m'matiyirumu kapena ophika makeke kuti azikusungirani m'chidebe m'malo motaya. Zimenezi zachokera m'makola a anthu ena, choncho muziwiritse kaye musanazikazinge, ndipo musalowe nazo m'khola zisanapse, mungalowetse matenda.

Ife kuno tili ndi mwayi woti nyanja ili pafupi. Amene amapita ku Nkhata Bay kukapikula nsomba angathe kubwera ndi kathumba ka zigoba za nkhono zotola pamchenga. Zigoba zimenezi n'zolimba, sizisungunuka msanga, ndiye zimagwira bwino ntchito ya usiku ija. Nkhono za kumtunda zimene zimachuluka nthawi ya dzinja nazonso n'zabwino, bola muziwiritse bwino chifukwa zimanyamula njoka za m'mimba. Nyenyeswa za usipa ndi bonya zimene zimatsalira pansi pa thumba muzigule mukazipeza zotchipa. Muli timafupa topatsa kashiamu ndi fosiforasi, komanso zomanga thupi zimene madeya alibe. Zikhale zouma bwino, zopanda nkhungu, ndipo musachulukitse kuopa kuti mazira angamanunkhe nsomba. Mafupa a nyama owotcha n'kusinja amathandizanso.

Pa laimu pakufunika kusamala kwambiri. M'masitolo ogulitsa zakudya za ziweto mumapezeka laimu wa mwala wongophwanya, ndipo ameneyu ndiye woyenera. Laimu wopakira nyumba kapena womangira ndi wowotcha, amapsereza m'kamwa ndi kummero kwa nkhuku, musayerekeze n'komwe. Laimu wothira m'munda naye mufunse kaye wogulitsa. Ngati ndi wa dolomite, muli maginiziyamu wambiri amene amatsegula nkhuku m'mimba n'kufooketsanso chigoba. Amene mumasakaniza nokha chakudya cha madeya ndi soya wokazinga, pa makilogalamu 10 aliwonse a chakudya pakhale magalamu 800 mpaka 900 a laimu woyenera kapena zigoba.

Ine njira imene ndimalimbikitsa pakhomo ndi yoika zigoba m'kambale kapadera, osati kusakaniza m'chakudya cha nkhuku zonse. Khomani chibekete pakhoma la khola, pamalo posanyowa, chokwera pang'ono kuti zisapalasiremo zitosi. Nkhuku yoikira imadziwa yokha pamene thupi lake likufuna, ndipo mudzaona kuti imapitako kwambiri chakumadzulo. Tambala amangodutsa. Ubwino wake waukulu ndi woti m'makola ambiri a kuseri kwa nyumba nkhuku zazikulu ndi zazing'ono zimadyera pamodzi, ndipo anapiye sayenera kudya kashiamu wambiri. Amawawononga impso, amakula mopinimbira, ena amafa. Pachifukwa chomwechi musapatse anapiye layers mash, chakudya chogula cha nkhuku zoikira, ngakhale atatsala m'thumba. Misoti muiyambitse zigoba ikafika masabata 16 mpaka 18, kumaso kukayamba kufiira, kuti isunge kashiamu m'mafupa dzira loyamba lisanabwere.

Ogula layers mash mwina mukuti zimenezi sizikukukhudzani. N'zoona kuti chakudya chimenechi chimabwera ndi kashiamu wokwanira, pafupifupi magawo 4 pa 100 aliwonse. Koma thumba likadula, ambiri timathiramo madeya kuti lifike kumapeto kwa mwezi, ndipo mukasakaniza theka ndi theka, kashiamu naye watsika ndi theka. Sindikukudzudzulani, ndikudziwa mmene mitengo ilili. Ndikungopempha kuti mukathira madeya, kambale ka zigoba kasakhale kopanda kanthu.

Pali chinthu china chimene ife a ku Mzuzu tiyenera kuchikumbukira kuposa anzathu a kunyanja. Kashiamu salowa m'magazi popanda vitamini D, ndipo nkhuku imene sikudya chakudya chogula imapeza vitaminiyu kuchokera kudzuwa. Kuno mvula imachedwa kutha, nkhungu ndi mawawa zimatha masiku, ndipo mu Juni ndi Julayi timakuta makola ndi masaka kuopa chisanu. Khola likakhala mumdima sabata ndi sabata, zigoba zimafooka ngakhale mbale ili yodzaza. Dzuwa likangowala, vundukulani mbali imodzi kapena zitulutseni ziwothere, ngakhale kwa ola limodzi. Madzi akumwa asasowe, chifukwa nkhuku yaludzu sidya.

Mukachita zonsezi, zigoba zimayamba kulimba pasanathe sabata imodzi kapena ziwiri. Nkhuku zokalamba zimaikira mazira akuluakulu a chigoba chopyapyala, ndipo zimenezo zigoba za nkhono zimangochepetsako. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala chigoba chimapyapyalanso nkhuku zikamapuma wefuwefu, choncho pakhale mthunzi ndi madzi ozizira. Koma mukaona mazira achepa mwadzidzidzi, ali opindika kapena okhakhala, nkhuku zikutsokomola, zikutsegula m'mimba zobiriwira kapena kupinda khosi, musataye nthawi ndi mtondo. Chimenecho chingakhale chitopa. Patulani zodwalazo, musagulitse kapena kugawa nkhuku, ndipo itanani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu tsiku lomwelo.